Kodi a laibulale amasankha bwanji manovelo a ife osindikiza ang'onoang'ono?

Nachisale_wa_Mabuku

Moni nonse muno. Ndili ndi funso landisowetsa tulo kuyambira mwezi watha, mwina alipo wina anagwirapo ntchito ku laibulale andimasule. Ife tilipo anayi, tinapanga kagulu kosindikiza nthano za Chichewa, kampani yeniyeni sinafike koma dzina lokha tili nalo kkkk. Chaka chatha tinasonkherana nkutulutsa novelo ya mnzathu mmodzi, masamba 164, makope 300 basi, poti mtengo wa pepala nonse mukudziwa mmene unathawira kwacha itagwa mu Novembala 2023 muja. Tagulitsa pafupifupi theka, ogula ambiri ndi achibale ndi akutchalitchi, otsalawo ali m'makatoni kunsi kwa bedi langa, panopa owerenga ake ndi mphemvu.

Ndiye tsiku lina ndinanyamula makope atatu ulendo ku laibulale ina m'tauni mwathu muno, sinditchula. Mayi ndinawapeza pa desikiwo anandilandira bwino ndithu, bukulo analitembenuza uku ndi uku, kuyang'ana kumbuyo nkundifunsa kuti nambala ili pati, ine kakasi, nambala yanji. Kenako akuti iwo sagula mabuku, zogula zimachitikira kwina, koma ngati ndikufuna kungopereka ndisiye. Sindinasiye, mtima unandipweteka, chifukwa m'mashelefu mwawomo mwadzaza manovelo achizungu a nkhani za sinowo ndi mahatchi omwe sindikhulupirira kuti alipo anawabwerekapo.

Nde funso langa ndi ili, amene amanena kuti ili lilowe ili ayi ndi ndani kwenikweni, ndipo amayang'ana chani? Amaliwerenga kaye kapena amangoona dzina la kampani basi? Nanga inu muli kunjaku, osindikiza ang'onoang'ono akumeneko amalowa bwanji?

Gogo_Katalogi

Mwanangu Nachisale, mayi ajawo usawakwiyire, anakuuza zoona kungoti sanakufotokozere. Ine ndinatha zaka zambiri ndikumata timapepala pamisana ya mabuku ndisanapume, ndiye tamvera.

Nambala anakufunsayo ndi ISBN, ija ya manambala 13 imakhala kuchikuto chakumbuyo pamodzi ndi timizeremizere. Kuno kwathu amapereka ndi a National Archives ku Zomba, ndipo ukaona buku loti pambuyo pa 978 pakubwera 99908 kapena 99960 dziwa kuti limenelo ndi la ku Malawi. Komweko ku Zomba nkomwe lamulo limati aliyense wosindikiza buku m'dziko muno akasiyeko kope kuti lisungidwe. Achinyamata ambiri mumathamangira kwa pulinta osadzera kumeneko, buku nkubadwa lopanda chiphaso ngati mwana wobadwira kudimba. Kwa munthu wolemba katalogi, mndandanda wa mabuku a mu laibulale uja, buku lotere ndi litsipa, chaka chosindikizira palibe, malo palibe, nthawi zina dzina la wolemba pachikuto lina mkati lina.

Chachiwiri, za sinowo zakupwetekazo. Usaganize kuti wina anakhala pansi ndi ndalama m'manja nkusankha mahatchi kusiya buku lako. Ambiri mwa mabuku amenewo ndi mphatso. Bungwe ngati Book Aid International la ku London, lomwe linayamba kale mu 1954, limatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi makampani osindikiza a ku Britain, ndipo National Library Service yathu yakhala ikulandira kwa zaka zambiri. Amafika m'makatoni, laibulale sinagule. Buku lako lokha ndi lomwe likupempha ndalama, ndipo ndalama ikapezeka pang'ono imayamba yapita kumene anthu akulira, ana a Fomu 4 akufuna Biology ndi Mathematics, a koleji akufuna za akaunti, pofika pa nthano thumba lauma.

Za "zimachitikira kwina" ndi zoonanso. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lili ku Lilongwe, nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi maboma ena, ndipo laibulale iliyonse ya nthambi zambiri kugula ndi kulemba katalogi imachitira pamodzi, wa padesiki panthambi alibe cheke. Komanso ndalama ya boma situluka ngati ya pamsika. Pamafunika koteshoni, invoisi, TPIN, nambala ya msonkho ija ya ku MRA, kukhala wolembetsedwa ngati wogulitsa katundu kuboma. Kagulu ka anthu anayi kopanda pepala lililonse, olo bwana atalikonda bukulo mpaka kulira, a akaunti sangakalipire.

Tsono funso lako lenileni, timawerenga? Ndisakunamize, lonse ayi, nthawi yake ilibe. Ine ndinkatsegula tsamba loyamba, kenako pakati paliponse, ndikapeza zolakwika zitatu patsamba limodzi ndayamba kale kukayika. Kenako ndinkaligwira pachikuto nkuligwedeza pang'ono. Usaseke. Buku la laibulale limadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, ena angomaliza kudya mandasi, ena alipinda kuliika m'thumba la kumbuyo. La guluu wotchipa limayamba kuthothoka masamba munthu wachitatu asanalibweze, la mapini limachita dzimbiri dzinja limodzi. Ndipo pamsana pakhale polembedwa mutu ndi dzina, chifukwa pashelefu chikuto chako chokongolacho sichioneka, umaoneka msana wokha. Lopanda kanthu pamsana likalowa pa shelefu ya nambala 896 paja pamakhala zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, lasowa ngati singano m'udzu.

Mjomba_265

Asisi musavutike ndi laibulale, ndalama ya mabuku kuno ili kusukulu basi. Funsani aliyense wa kumakampani osindikiza ngati Dzuka, CLAIM kaya Jhango akuuzani kuti chimayendetsa msika ndi buku la silabasi. Likadutsa ku MIE ku Domasi komwe amavomereza mabuku a kusukulu kapena likasankhidwa kukhala la mayeso a MSCE ndiye mwaphula, apo ayi muzingogulitsa kwa azakhali anu. Laibulale olo itagula itenga makope angati? Awiri? Ndipo awiriwo awerenga anthu 50 omwe akanagula okha, mwadziba nokha.

Nabanda_ku_Yorkshire

Achimwene a Mjomba, anthu 50 amenewo sakanagula, tisanamizane, akanangokhala osawerenga. Koma ndiyankhe za kunja zomwe achemwali afunsa, poti ine ndimagwira ntchito mu laibulale ya khonsolo kuno ku England, chaka chachisanu tsopano, ntchito yanga ndi ya padesiki ndi kubweza mabuku m'mashelefu.

Chomwe chinandidabwitsa nditangoyamba nchoti kuno, komwe ndalama yogulira mabuku iliko ndithu ngakhale makhonsolo akhala akuidula kuyambira cha mu 2010, manovelo ambiri sasankhidwa ndi munthu wa mu laibulale ayi. Makhonsolo ambiri amapanga kontrakiti ndi kampani yogulitsa mabuku ku malaibulale, zodziwika ndi Askews & Holts ya ku Preston, ndi Peters ya ku Birmingham pa mabuku a ana. Khonsolo imawauza kuti ndalama yathu ndi iyi, nthambi tili nazo zakuti, anthu athu amakonda za upandu ndi zachikondi, gawo lakuti likhale la zilembo zikuluzikulu za agogo, wolemba wotchuka akatulutsa latsopano mutipatse makope akuti. Kampaniyo ndi yomwe imasankha kuchokera pa mndandanda wa mabuku omwe akubwera, miyezi ingapo bukulo lisanatuluke nkomwe. Likamafika kwa ife lavala kale pulasitiki, lebulo yamatidwa, mu kompyuta lalowa kale, ife kungotsegula katoni nkuika pashelefu.

Ndiye taganizani, kasindikizi kakang'ono kamene kamaliza buku lero nkulitulutsa sabata yamawa, sitima yapita kale. Mndandanda ujawo umachokera ku zomwe wosindikiza analembetsa ku Nielsen, kampani yosunga mbiri ya mabuku a pamsika, ndi ku BDS ya ku Dumfries ku Scotland yomwe imakonza zolowa mu katalogi. Ukapanda kutumiza mutu, mtengo, chithunzi cha chikuto ndi mawu ofotokoza nkhaniyo nthawi ikadalipo, palibe wakukana, kungoti palibe wakuona. Komanso bukulo lizipezeka kwa ogulitsa mopikulitsa ngati Gardners ya ku Eastbourne, chifukwa palibe amene atsegule akaunti yatsopano ndi munthu wa buku limodzi wosunga makatoni m'galaja. Mukuona kuti ndi nkhani yomweyo ya TPIN anena agogoyi, yangovala jekete.

Koma zitseko zakumbali zilipo, ndipo ndaona mabuku akulowera kumeneko. Choyamba ndi owerenga eni ake. Munthu wa khadi la laibulale akhoza kulemba fomu kupempha buku lomwe kulibe, ndipo akapempha anthu angapo osiyana, amene amasunga kandalama kotsala kamene sikanapite ku kontrakiti amaligula. Mashelefu a Urdu, Punjabi ndi Polish omwe tili nawo sanagwe kumwamba, eni zilankhulozo amabwera, amafunsa, amabwereka. Ife a Chichewa tilipo ndithu m'matauni muno koma timathera ku WhatsApp, sindinaonepo fomu ngakhale imodzi yopempha buku la kwathu, ineyo ndemwe sindinalembepo, manyazi andigwira polemba pano.

China ndi mphotho. Kakampani kakang'ono ka ku Norwich kotchedwa Galley Beggar Press kanasindikiza mu 2013 novelo yoyamba ya Eimear McBride yomwe makampani akuluakulu anakhala akuikana kwa zaka 9, chaka chotsatira inapata mphotho yaikulu ya manovelo olembedwa ndi amayi, ndipo zikatero laibulale imachita kulisaka yokha buku. Kuyambira 2017 kulinso Republic of Consciousness Prize yomwe ndi ya osindikiza ang'onoang'ono okhaokha, ndipo anzanga okonda nthano kuntchito amayang'anako mayina. Chachitatu ndi kukhala wa komweko, wolemba wa m'tauni momwemo kapena nkhani yochitikira m'misewu yomwe anthu akuidziwa, imeneyo amaimvera chifundo msanga.

Za kungopereka, kuno nkovutirapo kuposa kwathu mwina. Anthu amabwera ndi buku lomwe adzisindikizira okha, nkhope ili mwee, ife timalandira mwaulemu koma sitilonjeza, chifukwa buku laulere silaulere, wina alilembe mu katalogi pamanja, alivale pulasitiki, alipezere malo, ndipo malowo ndi oti lina lichoke. Kompyuta imatiuza buku lomwe lakhala nthawi yaitali osabwerekedwa, timalichotsa nkuligulitsa motchipa patebulo la pakhomo. Kulowa ndi nkhondo ina, kukhalitsa ndi inanso.

A Mjomba ndikuwonjezereni ichi, kuno wolemba amalandirako kenakake buku lake likabwerekedwa, pansi pa lamulo la 1979 la Public Lending Right, amayendetsa ndi a British Library, timapeni pa kubwereka kulikonse mpaka malire a £6,600 pachaka. Ndiye olemba akuno laibulale saiona ngati wakuba.

Achemwali, ngati mukufuna buku lanu lizioneka kwa ogula akunja, taonani za African Books Collective ya ku Oxford. Anaiyambitsa ndi osindikiza a mu Africa eni ake, ndipo mabuku a Kachere ya ku Zomba, Mzuni Press ndi Luviri Press ya ku Mzuzu amadzera kumeneko, amasindikiza kope munthu akaitanitsa, osati kudikira katoni ichoke ku Malawi. Ogula ambiri kumeneko ndi malaibulale a mayunivesite, koma khomo ndi khomo.

Wa_ku_Indiana

Kuno ku America mfumu ndi ndemanga. Mkazi wanga anagwirapo maganyu mu laibulale ya m'tauni mwathu, akuti osankha mabuku amakhalira magazini anayi, Library Journal, Booklist, Kirkus ndi Publishers Weekly, buku likalembedwa bwino mmenemo amaliika mu oda osaligwira nkomwe. Malaibulale ambiri analemba mu malamulo awo kuti ndemanga ya akatswiri ndi chimodzi mwa zoyang'ana, zimawathandizanso wina akabwera kudzakalipa kuti buku ili mwaliikiranji. Vuto magaziniwo amafuna uwatumizire buku miyezi itatu kapena inayi lisanatuluke, ndipo amalandira ochuluka kuposa omwe angalembe, nde wamng'ono amagwa pomwepo. Kirkus ili ndi gawo loti umalipira kuti akuwerengere, madola mazana angapo, koma kulipirako sikutanthauza kuti akuyamikira, akhoza kukutafuna ndi ndalama yako yomwe kkkk.

Ndipo njira zikutsekeka. Small Press Distribution ya ku Berkeley, yomwe kuyambira 1969 inkanyamula mabuku a osindikiza ang'onoang'ono mazana kupita nawo ku masitolo ndi malaibulale, inatseka mwadzidzidzi mu Malichi 2024. Kenako mu 2025 Baker & Taylor, chimkampani chakalekale chomwe malaibulale ambiri ankagulako, nayo inalengeza kuti ikutseka. Ang'onoang'ono ambiri panopa maso ali kwa Ingram, chimkampani china chogulitsa mabuku mopikulitsa. Nde asisi musamaone ngati ndi ufiti wa kwathu kokha.

Aphunzitsi_a_Chichewa

Ine nkhani za Preston ndi Berkeley ndamva koma tibwerere kuno kaye. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ndipo kiyi wa kachipinda timati laibulale amakhala ndi ine, osati chifukwa ndinaphunzira zimenezo koma poti wina aliyense anakana. Mayi Nachisale, inu munalakwitsa kubwerera nawo makope atatu aja, pepani kunena mosapsatira.

Ndikuuzeni zomwe ndimaona. Tili ndi makatoni a mabuku achizungu abwinobwino, oyera ngati afika dzulo, ndipo ndi oyera chifukwa palibe amawagwira. Tili ndi timabuku ta nthano za Chichewa tosakwana khumi, takale, tina ta Popular Publications tija tinkatuluka ku Limbe, tonse tang'ambika, ndamata ndi selotepi mpaka selotepiyo ndi yomwe yatsala. Ana amachita kulembetsa mayina kudikirana, wina amabisa kuseri kwa madikishonale kuti mawa alipeze. Mwana wa Fomu 1 wochokera ku pulayimale ya kumudzi chizungu chimamuopsa, koma mumpatse nkhani ya mtsikana wothawa ukwati wokakamizidwa m'chilankhulo chake, belu lolowera m'kalasi salimva.

Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanasiya kope limodzi lokha, osati atatu, nkuwapempha mayi ajawo kuti ndidzabwera pakatha miyezi itatu kudzaona kapepala ka madeti kamene amadinda buku likabwerekedwa. Kakadzaza masitampu, jambulani ndi foni, umenewo ndi umboni woposa ndemanga ya magazini iliyonse. Mukalemba kalata kulikulu kapena kwa mabungwe omwe amagulira sukulu mabuku, mukhala ndi chogwira m'manja, osati kungoti buku lathu ndi labwino, poti mayi aliyense mwana wake ndi wokongola.

Koma a Mjomba sakunama kotheratu. Kupereka kukazolowereka, anthu amayamba kuona ngati buku la Chichewa ndi chinthu chaulere, la chizungu ndiye logula. Ine ahedi anga ndikawapempha ndalama ya novelo amandiyang'ana ngati ndapempha njinga yamoto, koma ya choko ndi mpira imapezeka. Nde limodzi laulere, lachiwiri invoisi.

Mjomba_265

Aphunzitsi mwanena bwino koma miyezi itatu mukapeza bukulo kulibe, wina analikonda nkupita nalo kwawo osabweza, masitampu mukajambula a chani?

Gogo_Katalogi

A Mjomba mwandiseketsa, koma kubedwa kwa buku ife tinkakuwerenga ngati voti. Palibe amaba buku lotopetsa. Ndipo dzina la wobwereka limatsala m'kaundula, limenelo lijambulidwe ngati umboni, mungobisa mayina a anthu.

Aphunzitsi, za ana mwanenazo ndi zoona, nchifukwa chake National Library Service inayamba kudzisindikizira yokha timabuku ta ana ta Werengani mothandizidwa ndi bungwe la CODE la ku Canada, anaona kuti akadikira mphatso zokha mwana sapeza buku lomufanana. Ndiye a laibulale sadana ndi mabuku a kuno ayi, njala yake ali nayo. Chomwe ndinkadandaula nacho ine nchoti osindikiza ang'onoang'ono simubwera pamodzi. Aliyense amabwera yekha ndi kabuku kamodzi m'chikwama. Mutakhala magulu asanu nkupanga pepala limodzi la mitu makumi awiri, mitengo yake, ma ISBN ake, msinkhu wa owerenga, ndi mmodzi wolembetsedwa woti apereke invoisi m'malo mwa nonse, wogula mwamupeputsira ntchito, koteshoni imodzi m'malo mwa makumi awiri. Malawi Writers Union ilipo, bungwe la osindikiza mabuku la BPAM lilipo, kagogodeni mumve kuti anzanu amadzera pati.

Kenanso mwanangu, pemphani tsiku loti wolemba wanuyo akawerengere anthu mokweza mu laibulale momwemo, Loweruka masana. Wa panthambi cheke alibe koma chipinda ali nacho, ndipo lipoti la mwezi amalemba ndi iyeyo. Akalemba kuti kunabwera anthu odzaza chipinda kudzamvera novelo ya Chichewa, kulikulu amawerenga zimenezo.

Nachisale_wa_Mabuku

Eee zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha chonchi. Agogo, nditawerenga zanu ndinagwada kusolola katoni imodzi kuti ndione, pamsana palibe chilembo ngakhale chimodzi, mbee ngati khoma la chipatala, anayi tonse palibe anaganizako, tinatha sabata ziwiri tikukangana za mtundu wa chitenje cha mtsikana wa pachikuto. Ndaligwedezanso mmene munanenera, masamba sanagwe, apo pokha pulinta wathu ndimupatse ulemu. Chaka chosindikizira chilimo koma malo tinaiwala.

A Nabanda, mchimwene wa mnzathu wolembayo ali ku Leeds ndipo ali ndi makope asanu omwe tinamutumizira, mawa ndimuimbira kuti akapange khadi la laibulale alembe fomu ija, iye ndi akazi ake ndi anzawo akutchalitchi, bola asakalembe onse tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi. Aphunzitsi ndamva, limodzi laulere. Kunena zoona mtima ukukanabe pang'ono chifukwa ndikudziwa mmene tinavutikira kusonkha, mnzathu wina anagulitsa foni, koma kunsi kwa bedi sakubweza ndalamanso.

Funso lotsiriza agogo, makope 150 otsalawa atayika basi poti alibe nambala? Kapena tikaitenga ku Zomba tikhoza kuimata pamwamba?

Gogo_Katalogi

Sanatayike. Kalembetseni, akakupatsani nambala mupangitse timasitika toyera ta ISBN ndi timizere take mumate kuchikuto chakumbuyo mmunsi, ndipo wina wa dzanja labwino adinde kapena alembe nambala yomweyo mkati kuseri kwa tsamba la mutu pamodzi ndi malo munaiwalawo. Pamsana napo kasitika kakang'ono ka mutu ndi dzina kakwana, koma musiye mpata wa zala ziwiri mmunsi, pamenepo ndi pathu pomata nambala ya shelefu. Popita ku Zomba musaiwale kunyamula kope lokasiya. Ndipo makatoniwo muwachotse pansi muwaike pa thabwa mvula isanayambe, simenti imatulutsa chinyezi, mphemvu zanuzo muzithire mankhwala zawerenga zokwana.